Za bambo wa malole amene wakhala akunditutira katundu wa nyumba ku Mponela

Amene mukumanga mbali ya Dowa, Mponela, Madisi mpaka ku Kasungu uko, ndati ndikuuzeniko za transipota amene ndakhala ndikugwira naye ntchito chiyambire faundeshoni mpaka pano pomwe tafika pokhoma malata. Ndi bambo wachikulire ndithu, ali ndi malole atatu, awiri a matani 7 ndi tipa imodzi ya mchenga ndi kwale, amakonda kuimika ku Kanengo kufupi ndi ku okushoni. Mwachidule ndine wokhutira nawo ndipo ndawatumizirako kale anzanga, koma zilipo zina zoti mudziwiretu musanawaimbire.

Chimene chinandikopa poyamba ndi nkhani ya lole yobwerera. Bambowa ntchito yawo yeniyeni ndi kunyamula fodya wa alimi kupita naye ku Kanengo msika ukatsegulidwa cha mu April, ndiye akatsitsa mabelo lole imabwerera kumpoto yopanda kanthu, mafuta akupsa chimodzimodzi. Iwowo anandiuza okha kuti achimwene musahaye lole yapadera, dikirani tsiku lomwe ndikutsitsa fodya, mukagule malata ndi zitsulo zanu m'tauni ndidzakutengerani pobwerera pa mtengo wotsika. Ndipo zinalidi choncho, mtengo wake unasiyana kutali ndi umene ena amandiuza. Munthu wina akanangokhala chete n'kundilipiritsa ulendo wonse wopita ndi wobwerera ine osadziwa kanthu. Kungoti zimenezi zimatheka nyengo ya fodya basi, msika ukatsekedwa mtengo umabwerera pamalo pake, ndiye ngati mungathe konzani kuti katundu wolemera mugule miyezi imeneyo, komanso ndi nthawi yoti kulibe mvula misewu ya kumapuloti ikupitika.

Za mitengo ndinene zoona, yakhala ikukwera ndipo nthawi zina zimandiwawa, koma sindingawanene bambowa chifukwa amakufotokozera mpaka umvetse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi yomweyo a MERA anakweza dizilo kufika pa K2,734 pa lita. Chichokereni apo wakweranso. Nanga lole imadya chani kupatula dizilo? Matayala, mabatire, oyilo, masipeya, zonsezi n'zochokera kunja ndipo ogulitsa amawerengera dola ya pa blakimaketi chifukwa kubanki ndalama zakunja sizipezeka. Ndiye akakupatsa mtengo lero amanena poyera kuti uwu ugwira sabata ino yokha, mukachedwa tidzakambirananso. Poyamba ndinkaona ngati nkhanza koma ndi bwino kusiyana ndi amene amavomera mtengo wotsika pafoni kenako katundu ali kale pamwamba pa lole akuyamba zoti muwonjezere bwana mafuta akwera. Bambowa chimene mwagwirizana ndi chomwecho, sanandisinthirepo mawu panjira.

Chinanso chimene anthu ambiri omanga sitimachiganizira, thiransipoti timailipira kawiri. Ija timapereka kwa mwini lole ndi imodzi, ina yabisala kale mu mtengo wa katunduyo pa hadiweya. Dziko lathu lilibe doko, mafuta, zitsulo ndi makoyilo opangira malata zimachita kubwera kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, zina pa msewu kuchokera ku South Africa kudzera pa Mwanza ndi Dedza. Chochokera ku Blantyre chimadutsa pa tolo geti ya Chingeni ndi ya Kalinyeke, zonsezo amalipira ndi mwini nyumba pamapeto pake. Bambowa ndi amene ananditsegula maso pa nkhani ya simenti, anati inu muli ku Mponela, Akshar wa Shayona amapangidwa ku Kasungu, akamapita ku Lilongwe amadutsa pakhomo panu pomwepa, ndiye mukamugule ku tauni kuti abwererenso njira yomweyo chifukwa chani? Funsani kaye kwa ma ejenti a konkuno. Apa anadzimana okha ulendo wa ndalama, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwakhulupirira. Njati wa ku Mangochi kapena Dangote wa ku Zambia ndimatenga pokhapokha winayo akasowa, paja simenti imatha kungosowa mwadzidzidzi mtengo n'kulumpha sabata imodzi.

Pa kanyamulidwe ali bwino kwambiri. Lole ya matani 7 amaika matumba 140 a makilogalamu 50 basi, ukawapempha kuti tiwonjezereko pang'ono ndi mabuloko pamwamba amakana, akuti masipuling'i ndi matayala akaphulika mugula ndinu? komanso safuna zokangana ndi a pa sikelo ndi apolisi a pamsewu. Simenti amafunditsa tenti ngakhale kumwamba kuli mbee. Malata amayala pa matabwa n'kumanga ndi malamba osati waya, anafika onse osapindika m'mphepete, amene munalandirapo malata opindika mukudziwa mmene mmisiri amadandaulira pokhoma komanso mmene imadonthera nyumba pambuyo pake. Dalaivala wawo amawerenga katundu pamodzi ndi iwe pokweza, kukujambulira chithunzi pa WhatsApp ponyamuka, pofika muwerengenso limodzi ndi fomani. Thumba ngakhale limodzi silinasowepo. Kulipira ndi pa Mpamba kapena Airtel Money, theka poyamba kuti athire mafuta, theka katundu akatsika.

Tipa yawo ndiye ndili nayo ndi mawu pang'ono. Mchenga umabwera wodzadza bwino, samachita zija zobweretsa theka n'kumati wakhazikika panjira ndi mabampu, koma galimotoyo ndi yakale ndipo imafa pafupipafupi. Inatifera tsiku lothira silabu, amisiri ndi aganyu afika kale m'mawa, madzi tatungitsa, kwale yotsala osabwera, ndinalipira anthu tsiku limenelo ntchito osagwirika. Anapepesa ndipo ulendo wotsatira anandichotserako ndalama, koma ngati muli ndi ntchito ya konkiliti onetsetsani kuti mchenga ndi kwale zafika masiku angapo ntchito isanayambe.

Vuto lalikulu ndi nthawi, makamaka mafuta akasowa. Kumapeto kwa 2024 kuja malole awo ankagona pa mzere ku filing'i siteshoni, ndipo bambowa amakana dizilo wa m'zigubu, akuti anaonongapo pampu ndi mafuta osakaniza ndi palafini. Ndikuwamvetsa, koma kwa ine womanga zinatanthauza kudikira pomwe mtengo wa zitsulo ukukwera ku shopu. Chimene ndimawadandaula n'choti sakonda kuimba foni okha zikavuta, umachita kuwasaka iweyo, ukawapeza ndiye amakuuza zoona zake kuti lero sizitheka. Akanamangotumiza ka meseji m'mawa bwenzi munthu ukuuza amisiri asabwere. Onjezaninso ntchito yokonza msewu wa M1 kuchokera pa mphambano ya ku eyapoti kupita kumpoto, madayivesheni ake ankachedwetsa ndipo lole yodzadza inkayenda pang'onopang'ono, ulendo umene unkayembekeza masana unkafika dzuwa litapendeka anyamata otsitsa atabalalika.

Eya, otsitsa katundu ndi ako, iwo amabwera ndi dalaivala ndi wothandizira mmodzi basi, ndiye konzeranitu anyamata ndi ndalama yawo. Nthawi ya mvula ngati puloti yanu ili kutali ndi tala amayamba atumiza munthu kukaona njira, ikakhala yoterera amatsitsira pamene lole ingafike, kotsalako muone ngolo.

Panopa akuti ntchito ya mabuloko ndi imene yawachulukira kuposa njerwa zowotcha, chichokereni lamulo la 2018 loletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamabizinesi, komanso nkhuni zowotchera uvuni zadula. Anandilangiza kuti m'malo monyamula mabuloko kuchokera ku Lilongwe, omwe ndi olemera ndipo ena amasweka panjira, ndibweretse simenti ndi fumbi la kwale n'kuitana anyamata a chikombole adzaumbire pa puloti pompo. Mpanda wonse ndapanga choncho ndipo maulendo a lole anachepa. Amanenanso kuti makasitomala ambiri masiku ano sakugulanso katundu wa nyumba yonse kamodzi, akumagula matumba 20 kapena 30 malinga ndi mmene ndalama yapezekera, ndiye iwo amaphatikiza katundu wa anthu atatu anayi a njira imodzi n'kugawana mtengo wa ulendo. Ngati muli ndi katundu wochepa afunseni za zimenezi, kungoti tsiku amasankha ndi iwo lole ikadzadza, ndipo muzilemba dzina lanu pa matumba ndi pa mitolo ya zitsulo kuti potsitsa zisasokonekere.