Ndemanga pa shopu yokonza makompyuta ya pa Nchalo: laputopu yakale ndi sikirini imene inkada

Pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa M1 pafupi ndi msika, pali shopu yaing'ono yokonza mafoni ndi makompyuta imene ndaona kuti ndi bwino kuilembera ndemanga, chifukwa cha mmene mmisiri wake anagwirira ntchito pa laputopu imene anthu ena anali atanena kale kuti yafa. Kuno ku Chigwa cha Shire ambiri timagwiritsa ntchito makompyuta ogula kwa ena kapena otumiziridwa ndi abale, ndipo akavuta timangouzidwa kuti akufunika kufomata (kufufuta zonse n'kuikanso Windows), ngati kuti matenda onse mankhwala ake ndi amodzi.

Laputopu yanga ndi ya m'chaka cha 2011, ya Core i5 ya m'badwo wachiwiri, ndipo inabwera ndi Windows 7. Ndimalemberapo mayeso a ana asukulu ndi kuonetsera zithunzi pa pulojekita. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza kugwira pa Windows imeneyi ndi ya nambala 109, choncho masamba ena a pa intaneti anayamba kukana kutseguka bwino. Mnyamata wina anandiikira Windows 10, koma zotsatira zake zinali zodandaulitsa. Zilembo zinakula n'kutambasukira m'mbali, mabatani ochepetsera kuwala anasiya kugwira, ndipo pulojekita sinkaonetsa kanthu. Nditailumikiza ku intaneti, Windows inakoka yokha mapulogalamu ena, kenako sikirini inayamba kuda kwa kanthawi n'kubwerera, mpaka inasanduka ya buluu ndi mawu akuti VIDEO_TDR_FAILURE pamodzi ndi dzina la fayilo ya atikmpag.sys.

Chinthu choyamba chimene ndinayamikira pa shopuyi n'chakuti mmisiri sanathamangire kufomatanso. Anandifunsa mwaulemu kuti, “Aphunzitsi, kudaku kunayamba musanaike Windows yatsopano kapena mutaika?” Funso limeneli ndi laling'ono, koma ndi limene limalekanitsa vuto la pulogalamu ndi vuto la chipangizo chenichenicho. Atamva yankho, anayatsa laputopu mu Safe Mode (njira yoyatsira Windows ndi mapulogalamu ofunikira okha) n'kutsegula Device Manager, imene imaonetsa zipangizo zonse za mu kompyuta, ndipo anandionetsa kuti makinawa ali ndi machipu awiri ojambula zithunzi, ya Intel HD Graphics 3000 ndi ya AMD Radeon HD 6470M, yachiwiriyo ili ndi kachizindikiro kachikasu ndi uthenga wa Code 43, wotanthauza kuti Windows yaiimitsa chifukwa cha vuto.

Kufotokoza kwawo kunali komveka, ndipo ndi kumene kwandichititsa kuwakhulupirira. Driver ndi kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa Windows ndi chipu, monga mmene womasulira amachitira pamsonkhano pamene wina akulankhula Chisena wina Chingerezi. Windows ikasowa driver yoyenera imagwiritsa ntchito yake yongogwirizira, ya Microsoft Basic Display Adapter, imene imangoonetsa zithunzi koma siidziwa kuchepetsa kuwala, siituma zithunzi ku sikirini yachiwiri, ndiponso kawirikawiri siifika pa muyeso weniweni wa sikirini, umene pa laputopu yangayi ndi 1366 x 768. Intel sinatulutse driver yovomerezeka ya Windows 10 ya HD Graphics 3000, pomwe AMD inaika machipu a HD 6000 m'gulu la zakale m'chaka cha 2015. Pa malaputopu a machipu awiri a nthawi imeneyo, machipuwo amasinthana ntchito kudzera mu driver imodzi yophatikiza imene opanga laputopu anakonza okha. Windows Update, imene imakoka yokha mapulogalamu pa intaneti, ikabweretsa ya Intel payokha ndi ya AMD payokha, ziwirizo sizimvana, ndipo chipu ikalephera kuyankha pasanathe masekondi 2, Windows imayesa kuidzutsa. Ikakanika, ndi pamene sikirini ya buluu ija imabwera.

Sanalekere pomwepo, ndipo apa ndi pamene anasiyana ndi amisiri ambiri. Anati kuno kwathu sangaimbe mlandu driver asanaone za kutentha, popeza m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chipu imene yapsa imaonetsa zizindikiro zofanana kwambiri ndi za driver yolakwika. Anayatsa makinawo kuchokera pa fulashi ya Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, popanda kukhudza mafayilo anga, ndipo zithunzi zinatuluka zoyera, pa muyeso wake, kuwala kukutsika ndi kukwera. Umenewu unali umboni wakuti galasi, chingwe cha sikirini ndi chipu ya Intel zili bwino. Anatsegulabe pansi, n'kuchotsa fumbi limene linatseka fani, ndi kupaka thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chipu) yatsopano pamalo pa yakale imene inali itauma gwa.

Kukonza kwenikweniko sikunali kwachilendo. Anachotsa ma driver onse a zithunzi ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller ali mu Safe Mode, intaneti atathimitsa, kenako anaika driver ya Intel ya Windows 7 yochokera kwa opanga laputopuyo, n'kuletsa Windows kuisintha yokha. Chipu ya AMD anangoizimitsa, atandifunsa kaye ngati ndimasewera magemu kapena kukonza mavidiyo. Anandiuza poyera kuti pochita zimenezi nditaya mphamvu ina ya zithunzi, koma kutentha kwa laputopu kudzachepa. Kwa ntchito yanga kumeneku kunali kusankha kwanzeru, ndipo kuyambira pamenepo pulojekita ikugwira ndipo sikirini sinadenso.

Zofooka zilipo, ndipo sindizibisa. Tsiku limene analonjeza linadutsa chifukwa magetsi anathima, pomwe shopuyi ilibe sola kapena invetala, ndipo palibe amene anandiimbira foni kundidziwitsa. Munthu wochokera ku Ngabu kapena ku Bangula akanawononga ndalama ya minibasi pachabe. Risiti sapereka, ngakhale kapepala kosonyeza kuti mwasiya katundu, zimene si zabwino pamalo pamene malaputopu ndi matchaja a anthu osiyanasiyana aunjikidwa pa shelefu imodzi yoyang'ana kumsewu wa fumbi. Driver imene anavutika nayo kuipeza anandikoperera pa fulashi nditachita kupempha, chonsecho ikanayenera kuperekedwa kwa kasitomala aliyense, chifukwa tsiku limene Windows idzafunika kuikidwanso vutolo lidzabwereranso momwemo.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti sanayambe okha kunena kuti Windows 10 nayo inasiya kusamalidwa pa 14 Okutobala 2025. Laputopu ya 2011 singalandire Windows 11 mwa njira yovomerezeka, popeza Windows 11 imafuna kachipu ka chitetezo ka TPM 2.0, purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposerapo, ndi driver ya zithunzi ya mtundu watsopano wotchedwa WDDM 2.0. Nditafunsa za Linux Mint imene inagwira bwino pamaso pathu, anayankha kuti, “Makasitomala athu amafuna Word, aphunzitsi, mukawapatsa zina amabwerera mawa lake.” Ndikumvetsa kuti akunena zimene amakumana nazo, koma ndikuona kuti mmisiri wodziwa chonchi ayenera kuika njira zonse ziwiri patebulo, makamaka chifukwa driver ya machipu akale a Intel imabwera kale mkati mwa Linux, ndipo pulogalamu yolembera ya LibreOffice imatsegula mafayilo a Word okwanira ntchito ya m'kalasi.

Mtengo wa ntchitoyi unali wotsika poyerekeza ndi kukwera phiri la Thabwa kupita ku Blantyre ndi kubwerako, ndipo sanawonjezere kanthu pa kuyeretsa fani. Amene akufuna kupita ku shopuyi asunge kaye mafayilo awo pa fulashi, atenge tchaja yawo ailembe dzina, afunse nambala ya foni kuti aziimba asananyamuke, ndipo ngati sikirini ya buluu imaonekera, aijambule ndi foni, chifukwa dzina la fayilo lolembedwa pamenepo ndi limene mmisiriyo amayamba kufunsa.