Chipatala chopima matenda obwera chifukwa cha ntchito: amafunsa mozama, koma lipoti limachedwa

Thandizo limene ndinalandira pachipatala china chopima anthu odwala kapena ovulala chifukwa cha ntchito ndi loyenera kulifunafuna, ngakhale kuti lili ndi zofooka zimene sindingazibise. Ndinapitako chifukwa cha chifuwa chosatha komanso kulira kwa m'makutu, nditagwira ntchito zaka zambiri pamakina ophwanya miyala.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi mafunso awo. Adokotala sanathamangire kundilembera mankhwala, koma anayamba afunsa ntchito zonse zimene ndagwirapo chiyambire, fumbi limene ndinkapuma, maola amene ndinkakhala pafupi ndi makina, ngati miyala inkathiridwa madzi poiphwanya, ndiponso ngati zotchinga pakamwa ndi pamphuno zinali zoyenera fumbi lotere. Anafunsanso ngati anzanga akutsokomola ngati ine, ngati ndimapezako bwino ndikakhala patchuthi, komanso ngati ndimasuta fodya. Kufunsa kotereku si kwachilendo, popeza dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analangiza kale mu 1700 kuti wodwala aliyense azifunsidwa ntchito imene amagwira, koma n'zomvetsa chisoni kuti m'zipatala zambiri funsoli silifunsidwa n'komwe. Kufunika kwake n'kwakuti matenda a kuntchito amabisala nthawi yaitali. Matenda a silicosis, amene amayamba fumbi la miyala likawunjikana m'mapapo, kawirikawiri amaonekera patatha zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo khansa yobwera ndi fumbi la asbestos (chinthu chimene ankapangira malata ena ofolera nyumba) imatha kutulukira patadutsa zaka 30, munthu atasiya kalekale ntchitoyo.

Atatha kufunsa anandijambula m'chifuwa, anandiuza kuti ndiuzire mpweya mwamphamvu m'kachipangizo koyeza mphamvu ya mapapo, kenako anatenga makhololo. Anandifotokozera kuti fumbi la silika, lomwe limachokera m'miyala, limachititsa kuti munthu adwale mosavuta chifuwa chachikulu, choncho sangaweruze za fumbi asanayeze TB. Pa makutu anasamala kwambiri: anandiuza kuti ndibwere m'mawa ndisanalowe m'phokoso, chifukwa phokoso limagonthetsa makutu kwa kanthawi ndipo zotsatira zake zikhoza kusocheretsa. Anati phokoso la madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga makutu, ndipo anandionetsa papepala pamene kumva kwanga kwatsika, pafupi ndi 4000 Hz (muyezo wa kukwera kwa liwu), pomwe kugontha kobwera ndi phokoso kumayambira nthawi zambiri. Sanandinyengerere: anati kumva kotayika motere sikubwereranso, chotsala ndi kuteteza kumene kulipo.

Chinsinsi anachisunga bwino. Kwa olemba ntchito anangolemba kuti ndikhoza kugwira ntchito yopanda fumbi ndi phokoso lalikulu, osaulula zina zonse za m'thupi mwanga, ndipo kalatayo anandiwerengera asanaitumize.

Vuto lawo lagona pa lipoti. Linachedwa kwambiri, ndipo litafika linali lodzaza ndi mawu achipatala amene wantchito wamba sangawamve popanda womumasulira. Kuchedwaku si nkhani yaing'ono, chifukwa pempho la chipukutamisozi siliyenda popanda umboni wa adokotala wosonyeza kuti matendawo akugwirizana ndi ntchito, pamene wodwalayo amakhala akudikira, mwina malipiro ataima. Chinanso chimene chinandidandaulitsa n'chakuti palibe amene anapita kukayeza fumbi ndi phokoso pamalo pathu pantchito. Anadalira mawu anga okha, zimene zimafooketsa umboni ngati olemba ntchito akana, komanso zimasiya anzanga akupumabe fumbi lomwelo. Kwa ine, kupima wantchito mmodzi osayang'ana kumene matenda akuchokera ndi ntchito yosamalizidwa.

Amene akufuna thandizoli alembe pasadakhale ntchito zonse zimene wagwira pamodzi ndi zaka zake, atenge mayina a mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kuntchito kwawo monga alembedwera pazigubu, zithunzi zakale za m'chifuwa ngati zilipo, ndipo ngati anavulala atenge kalata yosonyeza tsiku ndi mmene ngoziyo inachitikira. Asanachoke, afunse tsiku limene lipoti lituluke, ndipo apemphe kuti adokotala adzamufotokozere pamasom'pamaso zimene alembamo.