Fulashi ya magemu akale: ndemanga ya wometa wa pa Boma

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaichotsa pa zifukwa zimene ndifotokoze m'munsimu, koma ngati muli ndi babashopu, tiyirumu kapena vidiyo sho kuno ku Mangochi, ndipo mumasowa choonetsa anthu ligi ya ku England ikatsekera, kabenetseni fulashi imeneyi.

Wogulitsa wake ndi mnyamata wina wa shopu yobenera nyimbo ndi mafilimu kufupi ndi msika waukulu wa pa Boma. Umapita ndi fulashi yako kapena kugula yake, amakutsegulira mndandanda pa kompyuta, iwe n'kumaloza, iye n'kumakopera. Amalipiritsa pa gemu iliyonse, ndipo ukatenga ambiri amachotserako. Ine ndinatenga ya 64GB n'kuidzaza ndi magemu athunthu, kuyambira kherere woyamba mpaka wotsiriza. Ndinkafuna choika pa TV ya m'babashopu mwanga mu June ndi July, nthawi ya mwera, pamene ligi za ku Ulaya zili patchuthi ndipo kulipira dikoda kumangokhala kutaya ndalama. Koma ligi itayambiranso mu August fulashiyo sinachoke pa TV. Masiku a pakati pa sabata timaikabe.

Funso limene aliyense amafunsa akangolowa ndi lakuti, gemu yoti mukudziwa kale amene anapambana mukuioneranji? Yankho langa ndi lakuti gemu ikamaseweredwa pompopompo sitiona mpira. Timaona wotchi, timaona chigoli, ndipo masiku ano anyamata ambiri amakhala maso ali pa foni kuona ngati tikiti yawo yobetcha ikadali moyo. Munthu amene waikapo ndalama ya ndiwo sasamala kuti wapakati waima pati, akungofuna kona yachisanu ndi chinayi. Gemu ya 2005 palibe angaibetchere. Mtima umakhala m'malo, ndiye maso amapeza mpata woyang'ana amene alibe mpira.

Tengani fainolo ya Champions League ya chaka chimenecho ku Istanbul, Liverpool ndi AC Milan. Aliyense amaidziwa: 3-0 popita kokapuma, 3-3 pakutha, Liverpool n'kutenga chikho pa mapenate. Masapota a Liverpool a kuno, amene ndi ambiri ndipo pakamwa sapatseka, amaikamba ngati kuti timu yawo inathamangitsa Milan chigawo chonse chachiwiri. Ikani gemu yonse muone. Zigoli zitatu zija zinabwera m'mphindi zisanu ndi imodzi zokha: Gerrard ndi mutu pa mphindi 54, Smicer pa 56, Alonso pa 60 pomalizitsa penate yake yomwe imene Dida anaibweza. Izi zisanachitike, komanso zitatha, mpira unali wa Milan. Maldini anamwetsa mphindi yoyamba isanathe n'komwe. Shevchenko anamukanira chigoli ponena kuti ofusayidi. Pasi imene Kaká anamupatsa Crespo pa chigoli chachitatu, makasitomala amandiuza kuti ndibwezere kumbuyo kawiri katatu, ine makina ali m'manja, mutu wa munthu uli wometa theka.

Chimene chinasintha gemuyo sichioneka m'tizidutswa ta zigoli timene anthu amatumizirana pa WhatsApp. Popuma paja Benítez anatulutsa Finnan n'kulowetsa Hamann, kumbuyo n'kusiya atatu. Hamann anakaima pamalo pamene Kaká ankalandirira mpira momasuka, ndipo Gerrard anapeza ufulu wopita kutsogolo. Mukamaonera ndi cholinga chongotsata Hamann, osasamala kumene mpira uli, mumaona gemu ina yosiyana ndi imene munaionera usiku uja. Kenako m'mphindi zoonjezera Gerrard yemweyo mumupeza akutchinga kumbuyo mbali ya kumanja kulimbana ndi Serginho, Carragher minofu ikukokana koma akudziponyabe, ndipo Dudek akubweza mipira iwiri ya Shevchenko ali pafupi penipeni ndi golo. Tizidutswa tija tili ngati kunyambita msuzi wa chambo, nsomba yake osaikhudza.

Gemu imene inabweretsa phokoso lalikulu ndi ya Ghana ndi Uruguay ya mu World Cup, ya pa 2 July 2010 ku Soccer City, Johannesburg. Anyamata ambiri a kuno amene anali ku Joni nthawi imeneyo amaikamba ngati anali m'bwalo momwemo. Bambo wina wachikulire amene amameta Lachisanu asanapite ku Juma ataona kuti ndi imeneyo anati, "Achimwene, chotsani, mtima wanga sunapole." Ndinati, "Madala, ingopenyani kumbali, ndimalize ndevuzi." Sanapenye kumbali.

Zimene anthu amakumbukira ndi ziwiri: dzanja la Suárez ndi penate ya Asamoah Gyan yomenya chitsulo. Gemu yonse imakumbutsa zambiri. Muntari anamwetsa chigoli chakutali chigawo choyamba chikutha, Forlán n'kubweza ndi firikiki. Pa mpira womaliza uja Suárez anayamba watchinga shoti ya Appiah ndi mwendo, mwalamulo ndithu, kenako ndiye anagwira ndi manja mpira wamutu wa Adiyiah. Oyimbira anachita zonse zimene lamulo limanena, khadi lofiira ndi penate. Ndipo chimene ambiri anaiwala ndi chakuti patangopita mphindi zochepa, Gyan yemweyo ndi amene anayamba kumenya mapenate a Ghana, n'kuutumiza mpira m'mwamba pakona ya golo mopanda mantha. Anaiwalanso kuti Maxi Pereira wa Uruguay anaponya yake kumwamba, khomo n'kutsegukanso, koma Muslera anagwira ya John Mensah ndi ya Adiyiah. Munthu amene wanyamula mlandu wa Africa yense kwa zaka zonsezi ndi amene anaonetsa mtima wolimba kuposa onse usiku umenewo. Mkangano wa ngati Suárez ndi wakuba kapena ngwazi ya dziko lake sunathe m'babashopu mwanga, koma otukwana Gyan achepa.

Si gemu yakale iliyonse imene ili yokoma, ndipo mnyamata wobenayo sakuuzani zimenezi chifukwa akufuna mutenge ambiri. Fainolo ya 1999 ya Manchester United ndi Bayern Munich ku Camp Nou ndi yoonera kamodzi basi. Basler amamwetsa koyambirira, United ilibe Keane ndi Scholes, mpira umangoyendayenda, Bayern imamenya chitsulo kawiri, kenako Sheringham ndi Solskjaer amamaliza nkhani m'mphindi zoonjezera za oyimbira. Ya Germany ndi Brazil ya 2014, ya 7-1 ija, imatha pa mphindi 29 pamene zigoli zafika zisanu. Zotsalazo n'kungoonera anthu akulira.

Ya Cameroon ndi Argentina yotsegulira World Cup ya 1990 ku San Siro nayonso mpira wake si wokongola, koma ndimaikonda pa chifukwa china. Ana a sukulu amene amabwera kudzameta Loweruka anakuwa kuti "faulo!" ataona wotchinga kumbuyo akubwezera mpira kwa goloboyi ndi phazi, goloboyi n'kuutola ndi manja. Sankadziwa kuti kale zinali zololedwa. Lamulo loletsa linabwera mu 1992, ndipo ukaonera magemu a chikho chimenechi umamvetsa chifukwa chake: timu ikatsogola inkangobwezera kumbuyo kudya nthawi, ndipo World Cup ya 1990 ndi imene ili ndi zigoli zochepa kwambiri pa gemu iliyonse m'mbiri yonse ya chikhochi. Amaonanso mmene Maradona, akatswiri a 1986 akuwatsogolera, ankamuchekera miyendo, ndi mmene Massing anamugwetsera Caniggia mpaka nsapato ya Massing yemweyo kuvuka. Cameroon inamaliza ndi anthu asanu ndi anayi, makhadi ofiira awiri, koma mpira wamutu wa Omam-Biyik umene goloboyi Pumpido anaulephera unakwanira. Mwana amene amaganiza kuti mpira unayamba ndi Messi amatuluka ali ndi mafunso.

Fainolo ya chikho cha Africa (AFCON) ya Zambia ndi Ivory Coast ya 2012 ku Libreville ndiyabwino kuika madzulo anthu atachuluka. Palibe chigoli mphindi 120, Drogba amaphonya penate, mapenate amafika 8-7 Sunzu n'kumaliza. Kulemera kwake kumachokera poti unali mzinda womwewo kumene ndege ya timu ya Zambia inagwera m'nyanja mu 1993. Achikulire ndi amene amafotokozera ana nkhaniyi, ine ndimangometa.

Za Flames m'fulashimu muli magemu awiri okha, ndipo apa ndi pamene nyenyezi ija inayamba kugwedezeka. Yoyamba ndi ya 3-0 pamene tinakwapula Algeria mu AFCON ku Luanda pa 11 January 2010, timu ili m'manja mwa Kinnah Phiri. Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi mutu, kenako Davie Banda chigawo chachiwiri chitangoyamba. Bwalo linali pafupifupi lopanda anthu, dzuwa likuswa mtengo, moti mumamva osewera akuitanana. Algeria imeneyo inali itangodzigulira malo ku World Cup pogonjetsa Egypt, ndipo inafika mpaka semifainolo ya AFCON yomweyo pamene ife tinagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera. Poioneranso mumaona kuti goloboyi wawo anatithandiza ndithu, komanso mumaona Peter Mponda akulondolera anzake kumbuyo, timu yonse ikuyenda limodzi. Sizinali zamwayi zokha.

Yachiwiri ndi ya Morocco mu AFCON ku Yaoundé mu January 2022. Chigoli cha Gabadinho Mhango cha pa mphindi 7, atamuona Bounou atatuluka pagolo, aliyense ali nacho pa foni. Chimene mulibe pa foni ndi ntchito imene Charles Thom anaigwira pagolo kuti tifike kumapeto a chigawo choyamba tikutsogola, En-Nesyri asanabweze. Hakimi anamaliza ndi firikiki pa mphindi 70. Amene amati tinaberedwa gemu imeneyo akaionere yonse. Tinalimba, koma Morocco inali pamwamba pathu.

Ndinafunsa ya Egypt ya 2008 pa Kamuzu Stadium, ya chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto chija, alibe. Ndinafunsa magemu akale a Bullets ndi Wanderers, alibe ngakhale imodzi. Za m'nthawi ya Kinnah akusewera, pamene tinatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, kapena za Ernest Mtawali, Lawrence Waya ndi Young Chimodzi, sindimuimba mlandu. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, ndipo mpira wa zaka zimenezo anthu ambiri anaumvera pa wailesi. Koma zimawawa kuti mwana wa ku Mpondas atha kuonera Pelé akupatsira Carlos Alberto mu fainolo ya 1970 ku Mexico, gemu yonse mpaka kumapeto, pamene za ngwazi za kwawo amangomva kwa agogo ake.

Tsopano zolakwika za ntchito yake. Magemu ena amene analemba kuti ndi athunthu anapezeka kuti ndi odulidwa, mphindi makumi awiri basi. Ina inali ndi chigawo chachiwiri chokha. Ena TV yanga inkaonetsa zithunzi popanda mawu, ndipo ina yaikulu inakana kulowa m'fulashi mpaka anaifomata mwa mtundu wina, chifukwa fomati ya FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB. Nditabwerera anandikonzera zonsezi osalipiritsanso, ndipo sanachite makani, chimenecho ndimuyamikire. Koma ndi zinthu zoti akanaziona yekha asanandipatse. Cholakwika chimene sanachikonzebe ndi chakuti amalemba zotsatira pa dzina la fayilo. Kwa ife akuluakulu zilibe kanthu, koma mwana amene sanamvepo za Senegal ndi France ya 2002 amayenera kudzidzimuka yekha Papa Bouba Diop akamamwetsa, osati kuwerenga 1-0 gemu isanayambe. Ndinachita kukasintha mayina onse pa kompyuta ya mnzanga.

Zithunzi za magemu a m'ma 1990 kubwerera m'mbuyo ndi zosawala bwino, ndipo zinajambulidwa za ma TV akale a bokosi aja. Mukazitambasula kuti zidzaze sikirini yamakono osewera onse amaoneka afupi ndi onenepa, choncho sinthani pa rimoti musiye mizere yakuda m'mbali. Olengeza ake ndi a zinenero zosiyanasiyana. Ya Algeria ndi ya Chiarabu, ndipo anzathu amene anapita ku madrasa amatolako mawu apa ndi apo n'kumatimasulira mmene wolengezayo akudandaulira, zimene zimakoma kuposa Chingerezi.

Wina anena kuti FIFA imaika magemu akale a World Cup athunthu pa YouTube ndi pa FIFA+ kwaulere. N'zoona, ndipo amene ali ndi intaneti yosawerengera aonere kumeneko, zithunzi zake ndi zoyera. Koma gemu ya mphindi 90 pa bandulo ya foni imadya ndalama yoposa imene mnyamatayu amalipiritsa, ndipo mukafuna kuioneranso mawa mulipiranso. Fulashi mumalipira kamodzi, ndipo magetsi akazima imagwira ntchito pa ka TV ka sola popanda dikoda kapena netiweki.

Mukapita, tengani fulashi yanu yodalirika, chifukwa zina zotchipa za mumsika zimalembedwa 64GB koma zimayamba kuwononga mafayilo zisanafike n'theka lomwe. Musanalipire, muuzeni atsegule gemu iliyonse, muone kutalika kwake ngati kukupitirira ola ndi theka, mudumphire pakati mumve ngati mawu alipo. Ndipo muuzeni achotse zigoli pa mayina a mafayilo. Ine ndamuuza andisakire ya Nigeria ndi Brazil ya ku Olympics ya 1996, ya 4-3 ija ya Kanu, komanso ya Brazil ndi Italy ya 1982. Akazipeza zili zathunthu, komanso akapeza ngakhale imodzi ya Maule ndi Manoma, ndidzabwera kudzaonjezera nyenyezi yachisanu.