Kope ndi tepi kapena masensa? Kutsata madzi ndi magetsi m'nyumba zoyeserera moyo wa ku Mars

Anzanga amene mukukonzekera kukalowa m'nyumba zoyeserera moyo wa ku Mars, makamaka inu amene akupatsani uinjiniya wa timu, nkhani imene mukangane nayo tsiku loyamba lomwe ndi yoti madzi, magetsi ndi zipangizo muzizitsata bwanji, pamanja ndi kope ndi tepi yoyezera madzi m'thanki, kapena mungosiyira masensa (tizipangizo toyeza tokha) ndi kompyuta. Ine ndili mbali ya kope, koma osati pa chilichonse ayi.

Tiyambe ndi ya pamanjayo. Ku MDRS, imodzi mwa nyumba zoyesererazi m'chipululu cha Utah ku America pafupi ndi Hanksville, komwe amayang'anira a Mars Society, timu nthawi zambiri imakhala masabata awiri basi ndipo injiniya amatumiza lipoti tsiku lililonse, madzi otsala m'thanki, mmene sola ndi jenereta zayendera, za chimbudzi, komanso maola ndi chaji ya timagalimoto tawo tomwe anatitcha Spirit, Opportunity, Curiosity ndi Perseverance. Zotopetsa, eya. Koma munthu amene wapita yekha kukasuzumira m'thanki amaonanso zomwe sanamutume, paipi ikudontha pa jointi, pampu ikulira mosiyana ndi dzulo, fumbi latseka sefa, kafungo ka waya wopsa kuseli kwa mabatire. Sensa ya madzi singakuuzeni kuti pampu yayamba kukhosomola. Ndiye kuyeza ndi kuyendera makina zimathera ulendo umodzi, ndipo ndi chimenechi chimandikokera ku kope.

Vuto lake ndi anthufe. Pofika sabata yachiwiri wina ayamba kuyeza m'mawa wina usiku, wina walemba magaloni wina malita, ndipo pamakhala ka ulesi kena kongokopera nambala ya dzulo n'kuchotserako pang'ono kuti izioneka yoona. Mukasankha njirayi, ola likhale limodzi, tepi imodzi, muyezo umodzi.

Masensa nawo ali ndi pawo pomwe kope silingafike n'komwe. Taganizani za nyumba ina yoyeserera, HI-SEAS, pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,500, pomwe anthu 6 anakhala chaka chathunthu kuyambira Ogasiti 2015 mpaka Ogasiti 2016 akudalira sola ndi mabatire. Batire siyidikira madzulo kuti muyiwerenge, kukachita mitambo wina n'kuyatsa hita wina n'kumaphika imatsika mukuona. Chimodzimodzi kaboni dayokisaidi, amakwera usiku zitseko zili zotseka aliyense ali mtulo, ndani adzuke 2 koloko kukalemba? Apa alamu ndiye yofunika. Koma sikirini yoonetsa manambalawo ikhale m'nyumba momwemo, musadalire anzanu okuyang'anirani ali kunja, chifukwa ku HI-SEAS uthenga ankauchedwetsa dala ngati muli ku Mars, mphindi 20 kupita, 20 kubwera, ndipo ku CHAPEA, nyumba yoyeserera ya NASA ku Houston, komwe anthu 4 anakhala masiku 378 mpaka Julaye 2024, kuchedwako kunkafika mphindi 22. Mukamadikira yankho batire yatha kale.

Chimene ambiri amaiwala n'choti sensa nayonso ndi chipangizo chofuna kusamalidwa. Imasokonekera pang'onopang'ono osanena, imafuna kuisetanso, imadya magetsi omwewo mukuwaumirawo, ndipo kachoyandama ka m'thanki kakakakamira sikirini ipitiriza kukuuzani kuti madzi alipo ambiri mpaka mpope utauma. Nambala yabodza ya pa sikirini anthu amaikhulupirira msanga kuposa yabodza ya m'kope, kaya n'chifukwa chiyani.

Pali china chomwe njira zonse ziwiri zimaphonya mukamangoona nambala ya lero yokha. Ku Biosphere 2, chinyumba chotsekedwa osalowa mpweya wa kunja ku Arizona, anthu 8 atatsekeredwa mu 1991, okosijeni anatsika pang'onopang'ono kuchoka pa 21 peresenti kufika cha pa 14 m'miyezi 16, mpaka anachita kupopera wina mu Januwale 1993. Tizilombo ta m'dothi tinkadya okosijeniyo, ndipo kaboni dayokisaidi yemwe tinkatulutsa ankamwedwa ndi konkire ya nyumbayo, ndiye sankakwera molingana ndi kutsika kwa okosijeni, masamu sankagwirizana. Zoterezi zimaoneka pa girafu ya masabata ambiri, choncho za m'kope zija muzizilowetsa mu Excel usiku uliwonse, musamadikire Loweruka.

Ine ndikanagawa chonchi, magetsi ndi mpweya kwa masensa okhala ndi alamu, madzi, chakudya, masefa ndi ma sipeya kwa munthu ndi kope lake, kenako kamodzi pa sabata muziika tepi m'thanki n'kuyerekeza ndi zomwe sensa ikunena. Zikasiyana khulupirirani tepi kaye, mukatero mukatsegule sensayo.