Ndemanga: Galaja ya ku Limbe imene inayamba yayeza isanamasule injini ya Corolla yanga

Ndikulemba ndemanga iyi pofuna kuthandiza eni magalimoto akale amene amamwa madzi a mu rediyeta koma osaonetsa pamene akudonthera. Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya mtundu wa AE110, yokhala ndi injini ya 5A-FE ya malita 1.5, imodzi mwa zija zinabwera zambirimbiri kuchokera ku Japan zitayenda kale. Ntchito imene ndikuiunika ndi yofufuza chifukwa chimene madzi ankathera ndiponso injini inkatenthera, ndipo inagwiridwa pa galaja ina yaing'ono ku Limbe. Ndinakhutira nayo kwambiri, ngakhale kuti pali zinthu zingapo zimene sizinandisangalatse, zomwe ndizitchula m'munsimu.

Mumzinda galimotoyi sinkavuta kwenikweni, ndipo m'mawa muvi wa geji yosonyeza kutentha kwa injini unkachedwa kwambiri kunyamuka pansi. Vuto linkaonekera pa chikweza, makamaka pochokera ku Chikwawa kukwera mapiri a ku Thabwa kulowera ku Blantyre m'nyengo yotentha ya Okutobala, pamene muviwo unkayandikira malo ofiira ndipo kabotolo kapulasitiki ka pambali pa rediyeta kankasefukira. Injini ikazizira, rediyeta inkafuna kuwonjezeredwa madzi, koma pansi pamene galimoto yagona pankakhala pouma. Makaniko wina amene ndinayamba kumuonetsa anangotsegula boneti, n'kunena kuti gasiketi imene imamata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake yapsa ndipo mutu wa injini uyenera kuchotsedwa. Ntchito imeneyo ndi yodula, chifukwa pamafunika gasiketi yatsopano, oyilo, kukapala mutuwo ku makina ngati wapindika, komanso malipiro a amakaniko, choncho ndinaganiza zofunsanso kwina.

Chinthu choyamba chimene chinandipatsa chikhulupiriro pa galaja ya ku Limbeyi n'chakuti bambo amene amatsogolera ntchito pamenepo anakana kugwira chivundikiro cha rediyeta mpaka injini itazizira. Podikirapo anandifunsa mafunso ambiri: ngati ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, ngati injini imanjenjemera ikangolizidwa m'mawa, ngati pansi pa mapazi a wokhala kutsogolo pamanyowa, komanso madzi amene ndimathira. Funso la kunyowa kwa pansi linandidabwitsa, koma anandifotokozera kuti kuseri kwa dashibodi kuli karediyeta kakang'ono ka hita, ndipo kakaboola madzi amathera m'kati mwa galimoto mwiniwake osadziwa. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo ndi kuyang'ana kunsi kwa chivundikiro cha oyilo, pofuna kuona ngati oyiloyo wasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, chomwe chimasonyeza kuti madzi akusakanikirana naye. Oyilo anali wakuda bwinobwino.

Atatero anatulutsa kapampu ka pamanja kokhala ndi geji, ndipo anayamba kuyeza chivundikiro cha rediyeta chenichenicho. Pa chivundikirocho panalembedwa 0.9, kutanthauza presha imene chiyenera kusunga chisanalole madzi kupita m'kabotolo ka pambali. Changa chinkatulutsa mpweya muvi usanafike ngakhale theka la pamenepo, chifukwa labala wake anali atauma ndi kung'ambika. Apa m'pamene ndikufuna owerenga amvetse bwino, chifukwa ambirife timachiona ngati chotsekera wamba. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, koma kumalo okwera ngati Blantyre ndi Limbe amawira msanga, pa madigiri 96 kapena 97. Fani ya magetsi ya injini ngati imeneyi imayamba kuzungulira madzi akadutsa madigiri 90. Choncho ngati chivundikiro sichikusunga presha, mpata wa pakati pa kutentha kwa nthawi zonse ndi kuwira umakhala wochepa kwambiri, ndipo chikweza chimodzi chokha n'chokwanira kuwiritsa madzi ndi kuwakankhira kunja. Chivundikiro chabwino chimachititsa kuti madzi omwewo asawire mpaka atapitirira madigiri 115.

Amakanikowo sanaimire pomwepo, ngakhale kuti akanatha kundigulitsa chivundikiro n'kundiuza kuti ndizipita. Anamangirira kapampu kaja pakamwa pa rediyeta, n'kupopa mpaka pa mlingo wa chivundikiro, ndipo tonse tinaima n'kumayang'ana muvi. Unkatsika pang'onopang'ono, kusonyeza kuti penapake pakudontha. Mnyamata wawo anayendera ndi tochi mapaipi onse a labala, msoko umene pulasitiki ya pamwamba pa rediyeta imalumikizana ndi aluminiyamu, ndi tizitsulo tozungulira totseka mabowo a m'mbali mwa injini, timene timadyeka ndi dzimbiri. Dontho linapezeka kunsi kwa pampu ya madzi, pa kabowo kamene opanga anakasiya dala kuti kazichenjeza labala wa m'kati mwa pampuyo akatha. Pansi pa kabowoko panali mzere wa zotsalira za madzi zouma. Anandiitana kuti ndione ndi maso anga, ndipo anafotokoza kuti madontho oterewa amatuluka injini ikatentha ndi presha ikakwera, n'kugwera pa chitsulo chamoto n'kuuma asanafike pansi.

Za gasiketi, zomwe zinkandidetsa nkhawa kwambiri, anaziyeza m'njira imene ndinali ndisanaionepo. Anachepetsa madzi mu rediyeta, n'kuika pakamwa pake kachubu koonekera m'kati kokhala ndi mankhwala amtundu wa buluu, kenako analiza injini ndi kumakoka mpweya wa mu rediyeta kuti udutse m'mankhwalamo. Gasiketi ikaboola, mpweya wotsala petulo akapsa umalowa m'njira za madzi, ndipo mankhwalawo amasanduka achikasu. Anga anakhalabe a buluu. Bamboyo ananena moona mtima kuti kuyeza kumeneku pakokha sikugwira bowo lililonse, makamaka laling'ono limene limatseguka injini ikalemedwa, choncho anamasulanso mapulagi onse anayi kuti aone ngati pali ina yoyera mosiyana ndi zinzake, popeza nthunzi imatsuka pulagi ya silinda imene mukulowa madzi. Onse anali ofanana mtundu, ndipo kompuresheni ya masilinda inali yosasiyana kwenikweni. Kufufuza kotereku n'kumene ndinalipirira, ndipo mtengo wake unali wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa ntchito yochotsa mutu wa injini.

Pomasula paipi ya kunsi anapezanso kuti m'galimotomo munalibe thermostat, kachipangizo kamene kamatseka njira ya madzi ya ku rediyeta injini ikadali yozizira. Wina anaichotsa kale galimotoyi isanafike m'manja mwanga, motsatira chikhulupiriro chofala chakuti kachipangizoka n'ka mayiko ozizira basi. Ine sindigwirizana nacho chikhulupiriro chimenechi, ndipo ndinasangalala kuti amakanikowa nawonso sagwirizana nacho. Thermostat ya injini imeneyi imatseguka pa madigiri 82, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza injini kufika msanga pa kutentha koyenera. Ikachotsedwa injini imakhala yozizira nthawi yaitali, kompyuta ya galimoto imapitiriza kuthira petulo wambiri, ndipo zitsulo za m'kati zimadyeka msanga. Komanso kuichotsa sikuthandiza chilichonse pa chikweza, chifukwa injini ikatentha thermostat yabwino imakhala itatseguka kale. Izi zinandimasulira chifukwa chimene muvi unkachedwera kukwera m'mawa. Fani anaiyesa ndipo inkayamba pa nthawi yake.

Kukonza kwenikweni kunali kuika pampu ya madzi yatsopano, thermostat, chivundikiro ndi lamba woyendetsa pampuyo, yemwe anali atayamba ming'alu. Madzi amene anatuluka mu injini anali ofiirira ndi dzimbiri, umboni wakuti kwa zaka zambiri munkathiridwa madzi a pampopi okhaokha. Anatsuka njira zonse mpaka madzi anayamba kutuluka oyera, kenako anathira coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera aja owonjezera mu batire (distilled water), popeza coolant ali ndi mankhwala oteteza chitsulo ndi aluminiyamu ku dzimbiri. Anasiya injini ikulira, hita itatsegulidwa mpaka pamapeto, kuti mpweya wotsekeredwa utuluke wonse. Anandichenjezanso za njira zachidule zimene anthu amauzana pamsewu, monga kuswera dzira mu rediyeta, kuti zimatha kutseka bowo kwa kanthawi koma zimatsekanso timachubu ting'onoting'ono ta rediyeta ndi ta hita.

Zimene sizinandisangalatse ndi izi. Galimoto inakhalitsa kuposa nthawi imene tinagwirizana, chifukwa pampu yoyamba imene anabweretsa kuchokera kogulitsa masipeya sinali ya injini imeneyi, ndipo palibe amene anandiimbira foni kundiuza za kuchedwako mpaka nditafunsa ndekha. Lisiti imene anandipatsa inangolemba ndalama zonse pamodzi, osasiyanitsa mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito, ndiponso sinanene zotsatira za kuyeza konse kuja. Galaja yodziwa ntchito chotere iyenera kumalemba zimene yapeza, kuti mwini galimoto akhale ndi choonetsa mawa akapita kwina. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kutayira pansi coolant wotsala m'beseni, pabwalo pamene pamadutsa agalu ndi ana. Mankhwala ake aakulu, ethylene glycol, ndi otsekemera koma ndi poizoni woopsa amene amawononga impso, ndipo ndinawapempha kuti aziwasunga m'chigubu chotseka. Anavomera mwaulemu, koma sindinayembekezere kuti kasitomala ndi amene angawakumbutse zimenezi.

Chikonzereni, galimotoyi yakwera mapiri a ku Thabwa itanyamula anthu ndi katundu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo muvi umakhazikika pakati osasuntha. Madzi a m'kabotolo amakwera pang'ono injini ikatentha ndi kubwerera pa mzere wake ikazizira, zomwe zikusonyeza kuti chivundikiro chikugwira ntchito mbali zonse ziwiri. Ndikuonanso ngati petulo akukhalitsa pang'ono m'maulendo aafupi a mumzinda. Kwa amene galimoto yake ikutha madzi, ndikulangiza kuti asanavomere zochotsa mutu wa injini afunse ngati galajayo ili ndi kapampu koyezera presha ndi mankhwala a buluu aja, ndipo apemphe kuonerera pamene akuyeza. Amakanikowa anandionetsanso kuti pulasitiki ya pamwamba pa rediyeta yanga yayamba kusanduka yofiirira, chizindikiro chakuti yauma ndipo ingathe kung'aluka. Sanandiumirize kuisintha tsiku lomwelo, koma ndakonza zoti ndikasinthitse rediyetayo pa galaja yomweyo nyengo yotentha ikubwerayi isanafike, ndipo ulendo uno ndidzapempha lisiti yolemba chinthu chilichonse pachokha.