Kuyatsa Copilot mu ofesi ya boma: ndemanga pa kampani imene inatigwirira ntchitoyi

Ndagwira ntchito ku registry ya bungwe lina la boma muno mu Lusaka kwa zaka 14, ndipo ntchito yanga kuyambira kale ndi yodziwa fayilo imene ili m'kabati yokhoma, imene ili pa desiki la abwana, ndi imene munthu wamba saloledwa ngakhale kuigwira chikuto. N'chifukwa chake pamene akuluakulu athu anagwirizana zoyesa Microsoft 365 Copilot, pulogalamu ya AI yothandiza kulemba ndi kufufuza zikalata mu Word, Excel, Outlook ndi Teams, anandiika m'kagulu koyang'anira ntchitoyi pamodzi ndi anyamata a ku IT. Ndemanga ino ikukhudza kampani imene tinailemba ntchito yoyatsa pulogalamuyi. Ndi kampani yaing'ono ya konkuno, ndipo dzina lake sinditchula, monganso sinditchula la ofesi yathu. Cholinga changa n'chakuti anzanga a m'maofesi ena, amene nawonso posachedwa adzauzidwa kuti ayatse AI, adziwe zoyenera kufunsa asanasaine kontrakiti.

Pa msonkhano woyamba, wachiwiri kwa dayilekita wathu anabwera ndi mapepala amene anasindikiza kuchokera pa intaneti, ofotokoza mmene Copilot amayatsidwira mu GCC (Government Community Cloud, gawo la boma la cloud ya Microsoft, kutanthauza makompyuta awo osungirako zikalata kudzera pa intaneti), ndipo anafuna kuti ifenso tiikidwe mmenemo popeza ndife a boma. Mayi amene ankatsogolera anthu a kampaniyi anawayankha mwaulemu koma mosazungulira. Anati, "Bwana, GCC imeneyo si yathu ayi. Ndi ya boma la America ndi makampani amene amaligwirira ntchito, ndipo ngakhale mutalipira bwanji sangakulowetsenimo." Anafotokoza kuti GCC, GCC High ndi DoD ndi magawo a cloud amene Microsoft anapatulira mabungwe a dzikolo, ndiponso kuti Copilot anafika mu GCC mu December 2024, patadutsa chaka ndi mwezi kuchokera pamene makampani wamba anayamba kumugula mu November 2023. Ife tili m'gawo lomwelo limene muli masitolo ndi mabanki. Kusiyana kwake si kwa dzina lokha: mu GCC kufufuza pa intaneti kudzera mu Bing kumabwera kotseka mpaka woyang'anira atakutsegula, pamene kwa ife kumabwera kotsegula, ndiye kuti tikafuna chitetezo chofanana ndi chimenecho tiyenera kudzitsekera tokha. Apa m'pamene ndinayamba kuikhulupirira kampaniyi, chifukwa wogulitsa wina akanangovomera kuti inde ndi cloud ya boma n'kutenga oda yake.

Nkhani ya malamulo anaigwiranso bwino. Lamulo lathu la Data Protection Act la 2021 limanena kuti zidziwitso zokhudza anthu zizisungidwa pa seva kapena pa data centre ya m'dziko muno, ndipo ngakhale nduna ili ndi mphamvu yolola kuti mitundu ina isungidwe kunja, zidziwitso zachinsinsi kwambiri, monga za matenda a munthu, siziyenera kutuluka. Koma Microsoft alibe data centre ku Zambia. Zapafupi zili ku South Africa, ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo zinatsegulidwa mu 2019. Mayi uja anawonjezera mfundo imene anyamata athu a ku IT sanaiganizire, yakuti kumene fayilo imasungidwa ndi kumene AI amaiwerengera poyankha funso si malo amodzi nthawi zonse. Anatilangiza kuti tisanapite patali tilembere a SMART Zambia Institute, amene Electronic Government Act ya 2021 inawapatsa udindo woyang'anira ntchito za makompyuta m'boma, ndiponso kuti kuyesa kwathu kukhale pa malipoti, ma circular ndi zolemba za ndondomeko basi, osati pa mafayilo a antchito. Tinatsatira malangizowo, ngakhale kuti ena anadandaula kuti tikuchedwa pamene Unduna wa Technology and Science unali utatulutsa kale ndondomeko ya dziko yokhudza AI mu November 2024.

Gawo limene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi la zilolezo, pakuti ndi pamene ndalama zathu zinagwira ntchito yeniyeni. Copilot alibe kiyi wakewake. Amalowa ndi kiyi wa munthu amene akumufunsa, ndipo chilichonse chimene munthuyo angathe kutsegula mu SharePoint ndi OneDrive (mmene timasungira mafayilo a ofesi pa intaneti), mu Teams kapena mu imelo yake, iyenso angathe kuchiwerenga ndi kuchitchula poyankha. Poyamba zimenezi zinandikhazika mtima pansi, mpaka pamene anthu a kampaniyi anandikhazika pa kompyuta yanga n'kundiuza kuti ndilembe mawu akuti "disciplinary" pamalo ofufuzira a SharePoint, Copilot asanayatsidwe n'komwe. Panatuluka makalata odzudzula antchito anzanga, ena a iwo ndimakwera nawo basi ya ku Chilenje madzulo aliwonse. Panatulukanso pepala la malipiro a dipatimenti yonse. Zonsezi zinali zotsegukira aliyense mu ofesi kuyambira m'nyengo ya Covid-19 mu 2020, pamene anthu ankagwirira ntchito kunyumba ndipo wina, pofuna kuthandiza mwachangu, anagawa mafoda athunthu kwa gulu lotchedwa "Everyone except external users". Kwa zaka zonsezi palibe anazindikira chifukwa palibe ankadziwa mawu oti afufuze, koma AI safuna kuti munthu adziwe dzina la foda. Kungomufunsa kuti ndani amalandira ndalama zambiri m'dipatimenti yathu kukanakwanira.

Kwa ine munthu wa ku registry zinali zochititsa manyazi, popeza fayilo ya pepala yofanana ndi imeneyo sindiitulutsa popanda siginecha ya abwana m'buku. Vuto limeneli linali lathu, silinali la pulogalamu kapena la kampani, ndipo kampaniyo inakana kuyatsa chilichonse mpaka titakonza. Tinatha masabata 5 tikuyenda foda ndi foda, kufunsa mwini wake aliyense kuti ndani ayenera kuiona, kuchotsa maulalo ogawana akalekale, ndi kuika zizindikiro za chinsinsi za Microsoft Purview zogwirizana ndi mmene timasiyanitsira kale mafayilo otseguka ndi achinsinsi. Mafoda a antchito ndi a malipiro anawachotseratu pa malo amene Copilot angafike. Pa sabata lachitatu a dayilekita anatopa n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi tinakulembani ntchito yosesa kapena yoyatsa?" Mayi uja anayankha kuti, "Bwana, mukalamula ndiyatsa lero lomwe, koma mundilembere kalata yoti ndinakuchenjezani." Kalatayo sinalembedwe, ndipo kusesa kunapitirira.

Kuyatsa kwenikweniko kunatenga masana amodzi okha. Anagawa malaisensi mu admin center (tsamba la oyang'anira Microsoft 365), anatseka kufufuza pa intaneti, anaonetsetsa kuti Office ya pa makompyuta athu ikulandira ma update oyenera, ndipo mawa lake chizindikiro cha Copilot chinaoneka mu Word.

Pa nkhani ya ndalama ndili ndi dandaulo. Mtengo wa Microsoft pa nthawiyo unali wodziwika, madola 30 pa munthu mmodzi pa mwezi, pamwamba pa laisensi ya Microsoft 365 imene tinali nayo kale. Ife tinatenga malaisensi 20, kutanthauza madola 600 pa mwezi kapena 7,200 pa chaka. Koma kotesheni ya kampaniyi inalemba mtengo wa mwezi ndi zilembo zazikulu, pamene mfundo yakuti tikudzimanga kwa chaka chathunthu inali m'munsi mwa tsamba lachiwiri, ndipo a ku akaunti anaiona ndalama zitavomerezedwa kale. Sanatichenjezenso mokwanira kuti bajeti yathu ili m'makwacha pamene mtengo umatsatira dola, chinthu chimene kampani ya muno mu Lusaka siingadzikhululukire kuti inaiwala. Invoisi ya ntchito yawo yosesa ija inabwera mochedwa ndi mwezi wathunthu, yosagawa masiku ndi maola, ndipo tinaibweza kawiri.

Maphunziro ndiwo anali ofooka kuposa zonse. Anatitumizira mnyamata wanzeru ndithu koma wothamanga pakamwa, amene m'maola 2 anatiwonetsa zitsanzo za kampani yogulitsa katundu, zonena za makasitomala ndi phindu, ife tikufuna kuona mmene tingalembere memo yopita kwa Permanent Secretary. Amayi awiri amene akhala masekilitale kwa zaka zoposa zanga anatuluka ali chete, ndipo mmodzi anandinong'oneza kuti, "Achemwali, mudzandiphunzitse inuyo pa lanchi." Chinanso chimene mnyamatayo sanatchule n'chakuti pa mndandanda wa zilankhulo za Copilot palibe Chinyanja kapena Chibemba. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa m'boma muno akudziwa kuti ajenda imawerengedwa m'Chingelezi, koma mkangano ukafika pachimake anthu amatembenukira ku chilankhulo cha kwawo, ndipo nthawi zambiri mfundo imamangidwa mmenemo. Akanatiuza poyamba, sitikanalonjeza abwana kuti wolemba maminitsi apumula. Mpaka lero mlembi amakhalapo ndi kope lake, ndipo chidule cha msonkhano chimene Copilot amalemba mu Teams timachitenga ngati chongokumbutsa.

Pa ntchito zimene tinaloledwa kuyesa, phindu lilipo. Lipoti la masamba 80 ndimaliona mwachidule ndisanamalize tiyi, ndipo popeza yankho limabwera ndi ulalo wa chikalata chimene mfundo yachokera, ndimatsegula n'kutsimikiza ndisanapereke kwa abwana, monga mmene kampaniyo inatiumirizira kuti tizichitira nthawi zonse. Kupeza circular yakale imene ndikukumbukira nkhani yake koma osati nambala yake kwakhala kosavuta. Anzanga olemba makalata ambiri akuti poyambira sipawavutanso, ngakhale kuti amakonzabe mawu kuti amveke ngati a boma. Zonsezi zimadalira intaneti ndi magetsi, ndipo amene anaona mmene magetsi ankazimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba aike jenereta ndi rauta m'bajeti yomweyo.

Thandizo la pambuyo pa ntchito ndi labwino. Amayankha pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo patatha miyezi 3 anatibweretsera lipoti la mu admin center losonyeza kuti mwa anthu 20 aja, 8 sanagwiritsepo ntchito pulogalamuyi kupitirira sabata loyamba, ambiri a iwo akuluakulu amene anapatsidwa laisensi chifukwa cha udindo basi. Kampaniyo yokha inatilangiza kuti malaisensiwo tiwasamutsire kwa masekilitale ndi olemba malipoti, ndipo chaka chikatha tichepetse chiwerengero, ngakhale kuti kutero kukuchepetsa zimene iwowo amapeza.

Ndingailembenso ntchito kampaniyi, koma m'kontrakiti ndingafune kuti mulembedwe mtengo wa chaka chonse pa tsamba loyamba, masiku osachepera 3 a maphunziro ogwiritsa ntchito zikalata zathu zenizeni, ndi mphunzitsi wotha kufotokoza m'Chinyanja. Pakadali pano kwatsala mafoda 40 a dipatimenti ya zogula amene eni ake anapuma ntchito kapena anasamutsidwa, ndipo akadali otsekedwa kwa Copilot mpaka nditapeza woti asaine kuti ndi ake.