Ma DVD a "Country Music" a Ken Burns: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinagula bokosi la ma DVD a filimu ya Country Music, yofotokoza mbiri ya nyimbo za country, ndipo ndaionera yonse mpaka kumapeto. Anaikonza ndi Ken Burns, ndipo inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya PBS ku America mu September 2019. Ili ndi zigawo 8, zonse pamodzi maola pafupifupi 16. Ndalama zanga sizinapite pachabe, ngakhale pali pena pamene ndinatsala ndi kakhosi, ndipo ndinena.

Ambirife nyimbozi tinakula nazo. Zinkamveka pa wailesi, m'makaseti a bambo, m'basi ya ulendo wautali. Mawu a Jim Reeves, Don Williams, Dolly Parton ndi Kenny Rogers timawazindikira nyimbo ikangoyamba. Koma munthu atatifunsa kuti zinachokera kuti, yankho limangokhala loti ndi za azungu ovala zipewa zikuluzikulu. Filimuyi ndi ya anthu ngati ife, amene khutu linazolowera kale koma mbiri yake sitinaimvepo.

Gawo loyamba lokha likukwanira mtengo wa bokosi lonse. Likufotokoza kuti country inabadwa pamene zida ziwiri zinakumana kummwera kwa America: vayolini, imene anabwera nayo anthu ochokera ku England, Scotland ndi Ireland, ndi banjo, imene gwero lake ndi anthu akuda amene anagwidwa ukapolo ku Africa. Mabanjo oyambirira ankapangidwa ndi chipanda chokutidwa ndi chikopa. Woimba wina wamkazi, Rhiannon Giddens, akulongosola zimenezi momveka bwino zedi. Pomuonera ndinkangoganiza za malemu Alan Namoko ndi anyamata akumidzi kwathu amene amakhoma okha banjo ndi chitini ndi mawaya. Chida chimenechi chinawoloka nyanja, chinasinthidwa kumeneko, kenaka chinabwereranso kuno.

Ndipo nkhani ya anthu akuda siyikuthera pa banjo. A.P. Carter, mkulu wa gulu la Carter Family, ankayenda m'mapiri kutolera nyimbo zakale limodzi ndi Lesley Riddle, woimba gitala wachikuda, amene ankasunga mayimbidwe ake pamtima. Hank Williams ali mwana anaphunzitsidwa gitala ndi Rufus Payne, woimba wa m'misewu amene ankadziwika kuti Tee Tot. DeFord Bailey, katswiri wa kachida koliza ndi pakamwa kotchedwa harmonica, anali mmodzi mwa otchuka oyambirira pa Grand Ole Opry, pulogalamu ya pa wailesi ya WSM ku Nashville imene inayamba mu 1925. Anamuchotsa mu 1941, ndipo pambuyo pake ankapeza chakudya popukuta nsapato. Filimuyi siyikubisa zimenezi, ndipo apa ndi pamene ndinaikhulupirira.

Kenaka pakubwera nkhani ya ku Bristol, ku Tennessee, mu 1927, pamene Ralph Peer anatchera makina ake ojambulira mawu n'kuitana oimba a m'mapiri. Mwa amene anabwera panali Carter Family ndi Jimmie Rodgers, munthu wa ntchito ya njanji amene ankadwala chifuwa chachikulu ndipo anamwalira mu 1933 ali ndi zaka 35. Mukaona zithunzi za nthawi imeneyo, mudzapeza kuti palibe za anthu olemera m'menemo. Ndi alimi a thonje olima m'minda ya eni, anthu a m'migodi ya malasha, mabanja osamuka chifukwa cha chilala, Loweruka kumowa, Lamlungu kutchalitchi. Nyimbo zawo ndi za kusowa kumudzi, mayi wotsala kunyumba, sitima yochoka usiku, chikondi chotha ndi ngongole. N'chimodzimodzi nyimbo za machona athu amene anapita ku Joni ndi ku Salisbury osabwerako. Mwina n'chifukwa chake makolo athu anazikonda chotere ngakhale ena Chingerezi chake sankachimva chonse.

Zigawo zapakati zili ndi anthu ambiri, mwina ochuluka kuposa amene mutu ungasunge. Amene ananditsalira m'mtima ndi ochepa. Hank Williams, amene analemba nyimbo zosaiwalika koma mowa ndi ululu wa msana zinamudya, mpaka anafera kumpando wakumbuyo wa galimoto pa 1 January 1953 ali ndi zaka 29 zokha. Charley Pride, mwana wa mlimi wa thonje wa ku Mississippi, amene nyimbo zake zoyamba zinatumizidwa ku mawailesi popanda chithunzi chake kuti anthu ayambe akonda mawu asanaone khungu. Iye mwini akusimba nkhaniyi uku akuseka, koma woonera sumaseka naye kwenikweni. Merle Haggard, amene ali mkaidi kundende ya San Quentin anaonera Johnny Cash atabwera kudzaimba, n'kudzakhala katswiri payekha; okonza filimuyi anamufunsa mafunso asanamwalire mu 2016, ndipo nkhope yake yokha ikunena zambiri. Ndiye pali Dolly Parton. Amene mumaidziwa I Will Always Love You kudzera mwa Whitney Houston mudzamva kuti analemba ndi Dolly, potsanzikana ndi Porter Wagoner, mkulu amene ankaimba naye pa kanema, pamene anafuna kuima payekha. Sinali nyimbo ya chibwenzi n'komwe.

Kapangidwe kake ndi kodekha. Zithunzi zakale zimayandikira pang'onopang'ono, mawu a wofotokoza Peter Coyote akuyenda mosathamanga, oimba ndi ana awo akusimba zimene anaona. Wofuna zothamanga atopa nazo. Ine zinandikomera, kupatula chinthu chimodzi: nyimbo ikangofika pokoma, wina amayamba kulankhula pamwamba pake. Khalani ndi pepala pafupi, muzilemba maina, mukazifune nokha pambuyo pake kuti muzimve zathunthu. Umu ndi mmene ndinadziwira Patsy Cline, George Jones ndi Emmylou Harris, amene pano sachoka m'foni mwanga.

Tsono nyenyezi yachisanu ija. Filimuyi inapangidwira anthu a ku America, ndipo imayeza ukulu wa woimba ndi muyeso wa ku Nashville, kuchimake kwa nyimbozi. Munthu wa kuno akakhala pansi amadikira Don Williams, ndipo adzadikira ndithu. Malo amene anapatsidwa sakufanana ndi mmene timamuonera ife. Chonsecho uyu ndi munthu amene anafika mpaka ku Harare mu 1997 kudzaimbira anthu amene ankadziwa nyimbo zake pamtima. Jim Reeves alimo, koma kwa ine mwachidule kwambiri, kwa munthu amene anayendera South Africa mu 1962, anajambula nyimbo m'Chiafrikaans, ndipo patatha zaka zonsezi chimwalirireni pa ngozi ya ndege mu 1964, nyimbo zake za Khirisimasi ndi zauzimu zikumvekabe m'nyumba zathu. Pa maola 16 sipakanalephera kupezeka kanthawi kokwanira kofotokoza mmene nyimbozi zinakhazikikira kutali ndi kwawo. Dziwaninso kuti mbiriyi ikulekezera cha m'ma 1996, nthawi ya Garth Brooks, choncho oimba a masiku ano musawayembekezere.

Kwa ofuna kugula: funsani kaye ngati makina anu amawerenga ma DVD a ku America, chifukwa ena amakana. Yatsani mawu olembedwa m'munsi, poti Chingerezi cha ku Tennessee ndi ku Texas chimatafunidwa kwambiri, makamaka akamalankhula achikulire. Gawo lililonse ndi la maola pafupifupi awiri, ndiye limodzi pa usiku n'lokwanira. Musayambire pakati pofuna woimba amene mumamukonda, chifukwa nkhani ya banja la Carter ndi Johnny Cash ikuyenda kuchokera gawo loyamba mpaka lomaliza, ndipo wodumpha adzasokonezeka kuti uyu ndi mwana wa yani. Ngati muli ndi bambo kapena amalume amene ankasunga makaseti aja, aitaneni muonere nawo limodzi, kungoti adzadandaula za Don Williams kuposa ine.